MPHUNZITSI AMENE ADAMVERA ASILIKARI A KEYALA

Chaka cha 1958 anthu a kuno ku Chileka sachiiwala. Pa 6 Julayi chaka chimenecho, namtindi wa anthu udasonkhana pa bwalo la ndege kudzachingamira Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene ankabwerera kwawo atakhala kunja zaka zoposa 40. Agogo athu ena a kwa Kuntaja ndi kwa Kunthembwe adaliona tsikulo ndi maso awo, ndipo nkhani yake idalowa m'mabuku a sukulu. Koma m'chaka chomwecho mudachitikanso chinthu china chimene chidalibe ng'oma kapena nthungululu. Ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kudasindikizidwa buku lalikulu la masamba oposa 500, lotchedwa Independent African, lofotokoza za moyo wa Mbusa John Chilembwe ndi kuukira kwa mu 1915. Adalemba bukuli ndi anthu awiri, a George Shepperson ndi a Thomas Price. Mwezi uno tifuna kukumbukira oyambawo, Profesa Shepperson, amene adatisiya pa 2 Epulo 2020 ali ndi zaka 98.

Tsiku limene adamwaliralo ndi lomwenso Boma lathu lidalengeza kuti mliri wa Covid-19 walowa m'dziko muno. Mitima ya anthu idali m'mwamba, aliyense ankaganiza za moyo wake ndi wa ana ake, motero uthenga wa maliro a nkhalamba ya ku Peterborough udangodutsa osamveka kwenikweni. Koma mwambo wathu umalola kuti amene sadafike pa tsiku loika adzapepese pambuyo pake, ndipo ife tabwera, ngakhale mochedwa, kudzakhuza maliro amenewa.

Ena mwa owerenga athu afunsa kuti kodi Mngelezi ameneyu adatichitira chiyani. Sadamange chipatala kuno, sadatsegule sukulu, sadakumbe chitsime. Kuwonjezera apo, anthu a mbusa amene iwo adalemba mbiri yake ndiwo adatentha mishoni yathu ya Nguludi. Mafunso amenewa ngoyenera ndipo sitiwalambalala. Koma tiyambire ku nkhondo, pakuti nkumene zonse zidayambira.

A Shepperson adabadwa pa 7 Januwale 1922 ku Peterborough, m'dziko la England. Anzawo ankangowatchula kuti Sam. Adayamba maphunziro apamwamba ku St John's College, ku Cambridge, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idawadukiza. Mu 1943, ali mnyamata wa zaka 21, adapatsidwa udindo wa ofisala, natumizidwa ku gulu la King's African Rifles, limene makolo athu adalifupikitsa nkulitcha Keyala. Adaikidwa m'batalyoni ya nambala 13, ya anyamata a ku Nyasaland.

Anyamatawo adali ana a m'midzi ngati yathu ino. Ena adalowa usilikari pofuna ndalama za msonkho kapena zogulira njinga, ena potsata anzawo, ena chifukwa mfumu yawo idauzidwa ndi bwana DC kuti ipereke anthu. M'nkhondo yonseyo dziko lino lidapereka amuna pafupifupi 30,000. Adamenya nkhondo ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Madagascar, kenaka ambiri adaoloka nyanja yamchere kupita ku Ceylon, ku India, mpaka ku Burma. Mu Ogasiti 1944, mvula ya kumeneko ili pakati, gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division lidalamulidwa kutsika m'chigwa cha Kabaw kulondola Ajapani amene ankabwerera m'mbuyo atagonja ku Imphal ndi ku Kohima. Chigwachi chidali ndi mbiri yoipa ya malungo ndi matenda ena ofala ndi nthata za m'tchire. Akuluakulu ena a nkhondo ankakhulupirira kuti munthu wakuda sagwa msanga ndi malungo ngati Mzungu, ndipo maganizo amenewa adathandiza kuti ntchitoyo igwere anthu athu. Misewu idasanduka phala. Magalimoto ankatitimira, asilikari nkumadula mitengo ndi kuiyala m'matope kuti mateyala apeze popondapo, chakudya nkumachita kuponyedwa kuchokera m'ndege. Adafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala, natsegulira njira ankhondo a General Slim yolowera m'kati mwa Burma.

M'mabatalyoni a ku Nyasaland chilankhulo cha ntchito chidali Chinyanja, ndipo ofisala aliyense ankayenera kuchiphunzira. Ambiri adaphunzira chongokwanira kulamula: imirira, fulumira, khala chete. A Shepperson adapitirira pamenepo. Adatchera khutu ku nyimbo zimene asilikariwo ankaimba pa ulendo, ndi ku nkhani zimene ankakambirana akapuma, ndipo m'menemo ndimo adamvamo dzina la John Chilembwe. Tiyime pang'ono pamenepa, owerenga athu, chifukwa mpodabwitsa. Padali patapita zaka pafupifupi 30 chifere mbusayo. Boma lidagumula tchalitchi chake ndi mabomba, lidabisa manda ake, lidayesetsa kuti ana asamve za iye ku sukulu. Komabe dzinalo lidaoloka nyanja, lili m'kamwa mwa anyamata ovala yunifolomu ya Mfumu ya ku England, a gulu lomwelo limene lidathandiza kuzimitsa kuukira kwa mu 1915. Ofisala wina akadamva dzinalo akadaliyesa miseche ya m'misasa, kapena akadakanena kwa akuluakulu. Mnyamata wa ku Peterborough uja adalisunga mumtima, nafuna kudziwa mwini wake.

Kuti timvetse chifukwa chake msilikari wa Keyala ankalisunga dzina limeneli, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Atsamunda adayamba kulemba asilikari m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, pomenyana ndi mafumu ogulitsa akapolo ndi ena okana ulamuliro wawo. Ataona kuti anthu athu ngolimba mtima, ndiponso kuti salira malipiro ambiri, adayamba kuwatumiza kunja: ku Mauritius mu 1899, ku nkhondo ya Asante ku Gold Coast mu 1900, ndi ku Somaliland, kumene ambiri adathera pa nkhondo ya ku Gumburu mu 1903. Dzina lakuti King's African Rifles lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabatalyoni awiri oyamba adali a kuno kwathu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse sidachedwe kutifika. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, kutsidya kwa nyanja yathu, ndipo pa 9 Seputembala magazi adakhetsedwa ku Karonga. Mu Novembala chaka chomwecho a Chilembwe adalemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times. M'kalatamo adakumbutsa Boma za magazi amene anthu akuda adataya kale m'nkhondo za kutali, nafunsa ngati padzakhala phindu lina lililonse kwa iwo nkhondo ikadzatha. Adati pa nthawi ya mtendere zabwino zonse zimakhala za Azungu, koma nkhondo ikabuka mpamene munthu wakuda amakumbukiridwa. Ndipo kuti kukadakhala bwino olemera ndi eni minda akadapita okha kukaomberedwa, m'malo mwa amphawi amene akafa amangosiya akazi ndi ana amasiye pa umphawi woposa kale. Boma lidaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe.

Zimene zidatsatira zidaposa zimene mbusayo ankaopa. M'dziko la anthu pafupifupi 1,200,000, asilikari olembedwa adafika pafupifupi 19,000, ndipo amtengatenga adayandikira 200,000. Anthu a ku Lunzu ndi ku Lirangwe ntchito ya mtengatenga ankaidziwa kale. Chifukwa cha mathithi a mu Shire, sitima zochokera kumunsi zinkathera cha ku Chikwawa, katundu nkumasenzedwa pamutu kukwera ku Blantyre, kenaka kutsika kudzera kuno mpaka ku Matope, kumene sitima zina zinkadikira. Koma mtengatenga wa nkhondo udali wina. Amuna ankagwidwa usiku m'nyumba zawo, ndipo akathawira ku phiri, akazi awo ankagwidwa chikole mpaka iwo atadzipereka. Ankasenza katundu wolemera ngati theka la thumba la chimanga kwa miyezi, kukwera mapiri a kumpoto kwa nyanja kumene kumazizira koopsa, chakudya chili chopereweza. Kamwazi, chibayo ndi njala zidapha ambiri kuposa zipolopolo. Nkhondo itatha mu Novembala 1918, otsalawo adabwerera pamodzi ndi chimfine chachikulu chimene chidasesa midzi. Anthu adaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti ija yolira mosalekeza ngati chimanga chokazinga. Anyamata a ku Burma adali ana ndi adzukulu a amtengatenga amenewa. Nchifukwa chake munthu amene adafunsa funso lija mu 1914 sakadatha kumuiwala.

Nkhondo yachiwiri itatha, a Shepperson adamaliza maphunziro awo ku Cambridge, ndipo mu 1948 adayamba kuphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite ya Edinburgh. Adagwa pamalo pabwino, chifukwa makalata ambiri a mishoni za Blantyre ndi Livingstonia adali ku Scotland komweko. Adapezanso mnzawo woyenera, a Thomas Price, amene adakhalapo m'dziko muno ndipo ankachidziwa Chinyanja mozama. Ntchitoyo idali yowawa. Nyumba ya maofesi a Boma ku Zomba idapsa mu 1919 pamodzi ndi zolembedwa zambiri, ndipo zina zotsala Boma linkazitsekera. Awiriwo adachita kutola nyenyeswa: nyuzi zakale, magazini a mipingo ya anthu akuda a ku America, makalata a amishoni, ndi zimene ankakumbukira anthu ngati mai Emily Booth Langworthy, mwana wa Joseph Booth, amene a Chilembwe adamulera ali kamtsikana.

Ife a kuno tili ndi gawo m'nkhaniyi. Mishoni ya Zambezi Industrial Mission imene Joseph Booth adayamba mu 1892 idali ku Mitsidi, m'tsinde mwa phiri lathu lomweli la Michiru. Kumeneko nkumene mnyamata John Chilembwe ankagwira ntchito ya m'nyumba, namva kwa nthawi yoyamba Mzungu akunena poyera kuti Afrika ndi wa anthu a mu Afrika. Mu 1897 adapita naye ku America, kumene adaphunzira za ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, ndipo mu 1900 adabwerera nadzayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Bukuli lisanatuluke, Azungu ambiri ankati a Chilembwe adali munthu wozungulira mutu, wosokonezedwa ndi maphunziro osamuyenera. A Shepperson ndi a Price adaonetsa, tsamba ndi tsamba, kuti munthuyo adali ndi zifukwa zake, ndipo zifukwazo zidali zooneka: malo abwino amene adatengedwa ndi eni minda, thangata amene ankafinya makamaka Alomwe ongofika kumene kuchokera ku Mozambique, msonkho, chikoti, njala ya mu 1912 ndi 1913, kutenthedwa kwa nyumba zopemphereramo pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, mwambo wonyoza wakuti munthu wakuda avule chipewa akaona Mzungu aliyense, ndipo potsiriza nkhondo. Adaonetsanso kuti kamudzi ka Mbombwe kadali kolumikizana ndi dziko lonse, kuti maganizo a anthu akuda a ku America, ana a akapolo, ankafika ku Chiradzulu kudzera m'makalata, m'ndalama ndi mwa amishoni akuda amene adadzathandiza. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ngoona, komatu tisaiwale kuti kalumo aka kadanoledwa ndi asilikari athu omwe ku Burma.

Tsopano tifike pa bala lathu. Kuukira kudayamba usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915. Ku Magomero William Jervis Livingstone adaphedwa nadulidwa mutu, ndipo Azungu ena awiri adaphedwa usiku womwewo. Akazi ndi ana sadawachite choipa. Gulu limene lidapita kukalanda mfuti ku Mandala lidabwerako ndi zochepa. Pa 26 Januwale oukirawo adafika pa mishoni ya Nguludi, imene ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mu 1903, patangopita zaka ziwiri chifikire ku Nzama. Adatentha nyumba za mishoni, adavulaza koopsa Bambo Swelsen, ndipo mmodzi mwa alonda adaphedwa. A Chilembwe adaomberedwa pa 3 Febuluwale akuthawira cha ku malire a Mozambique. Boma lidabwezera mosayang'ana nkhope: anthu oposa 30 adaphedwa ataweruzidwa mothamanga, ena ambiri adaphedwa popanda mlandu uliwonse, midzi idatenthedwa, ndipo pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende.

Ife Akatolika nkhaniyi timaikamba monong'ona, ndipo pali zifukwa ziwiri. Choyamba, wansembe wathu adakhetsa magazi, ndipo palibe chifukwa chimene chingayeretse kubaya munthu amene adabwera kudzaphunzitsa ndi kubatiza. Chachiwiri ncholemera kuposa choyamba. Pamene bungwe lofufuza za kuukirako lidatulutsa lipoti lake mu 1916, mishoni za Chikatolika zidaoneka m'maso mwa atsamunda ngati zosaopsa, pamene timipingo ta anthu akuda tidanenedwa kuti ndito gwero la mavuto, ndipo eni minda ambiri adaloza chala maphunziro a mishoni ya Blantyre. Amene adaima pamaso pa bungwelo kuteteza ulemu wa munthu wakuda wophunzira, mpaka kudzudzula mwambo uja wa chipewa, adali Dr. Alexander Hetherwick a mpingo wa Scotland. Kuyamikiridwa ndi Boma lotere, m'masiku otere, si chinthu chimene tingachinyadire. Tikudziwa kuti ansembe athu oyamba adali alendo ochokera ku France ndi ku Holland, okhala m'dziko la Angelezi mwa chilolezo, opikisana ndi mipingo imene idawatsogolera kufika. Tikudziwanso kuti pa nkhondo ya chiwaya ena mwa iwo adayenda ndi amtengatenga, nawasamala podwala ndi pakufa. Zonsezi nzoona pamodzi, ndipo mbiri yoona imazisenza zonse osataya china.

Apa mpamene tikuona ulemu wa a Shepperson ngati mlembi wa mbiri. Adamukonda munthu amene ankalemba za iye, koma sadamusandutse mngelo. Za mutu wa Livingstone umene udaikidwa m'tchalitchi pa mapemphero a Lamulungu, sadabise. Za Nguludi sadabise. Sadabisenso nkhanza za amene adabwezera. Mkhristu amadziwa kuchokera ku sakramenti la kulapa kuti chikhululukiro chimayamba ndi kutchula tchimo ndi dzina lake, ndipo mtundu wa anthu suli wosiyana ndi munthu mmodzi pa chimenechi. Sitikunena kuti bukulo lidamaliza zonse. Ofufuza a pambuyo pake adapeza zambiri zimene awiriwo sadathe kuziona: a Ian Linden adawerenga mabuku a tsiku ndi tsiku a mishoni zathu, a Landeg White adalemba mbiri ya mudzi wa Magomero, a D. D. Phiri adailemba nkhaniyi ndi maso a Mmalaŵi, ndipo a John McCracken adasindikiza mu 2015 umboni wa anthu amene adalankhula pamaso pa bungwe lija. Onsewa adalima m'munda umene a Shepperson ndi a Price adaswa mphanje. Pamalo pamene padatenthedwa mu 1915 padatsegulidwa yunivesite ya Chikatolika mu 2006, ndipo ana a mipingo yonse adayamba kuphunzira pamenepo, pamtunda woyenda pansi kuchokera ku Mbombwe.

Bukulo lidafika pa nthawi yake. Patangopita miyezi yowerengeka, kumapeto kwa Febuluwale 1959, bwalo lathu la Chileka lidayamba kulandira ndege za mtundu wina, zodzaza ndi asilikari a Chitaganya ochokera ku Southern Rhodesia. Pa 3 Malichi bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza lamulo la nthawi ya chisokonezo. Dr. Banda adagwidwa m'bandakucha, nakwezedwa ndege pa bwalo lomwe lija adalandiridwapo, ulendo wa ku ndende ya Gwelo. Anthu oposa 50 adaphedwa m'dziko muno ndipo oposa 1,000 adatsekeredwa. Ku Britain, amene ankafuna kumvetsa chifukwa chake kadziko kabata aka kadawira chotere adapeza kuti yankho lidali litalembedwa kale m'buku la chaka chathacho: madandaulo a 1959 adali ndi mizu yake mu 1915.

Ku Edinburgh a Shepperson adakhalako zaka 38. Adakwezedwa kukhala profesa mu 1963, adakhalapo mkulu woyang'anira gawo lonse la maphunziro a mbiri, zilankhulo ndi nzeru za anthu, napuma pa ntchito mu 1986. Mmodzi mwa ophunzira awo oyamba adali mphunzitsi Wachikatolika wochokera ku Tanganyika, Julius Nyerere, amene adali ku Edinburgh kuyambira 1949 mpaka 1952. Mu 1965, pa msonkhano wa akatswiri a mbiri ku Dar es Salaam, a Shepperson adakamba za ana a Afrika omwazikana pa dziko lonse, nagwiritsa ntchito liwu lakuti diaspora, limene kale linkanenedwa makamaka za Ayuda. Liwuli lidafala, ndipo abale athu a ku Joni, ku Ireland ndi ku America amadzitchula nalo osadziwa kuti mmodzi mwa amene adalifalitsa adaphunzira za Afrika kwa anyamata a ku Nyasaland.

M'chaka chomwecho cha 1965 yunivesite yathu ya Malaŵi idatsegula makomo ku Chichiri, motsogozedwa ndi Dr. Ian Michael, ili ndi ophunzira osafika 100. Funso lakuti yunivesite ya dziko losauka ichite chiyani ndi mbiri yakale lidayankhidwa bwino ndi gawo la mbiri la Chancellor College. Popeza zolembedwa zidali zochepa ndiponso za Azungu, aphunzitsi adatuma ophunzira awo ku midzi ndi makina ojambulira mawu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, a Melvin Page, mphunzitsi wochokera ku America, pamodzi ndi ophunzira Achimalaŵi, adacheza ndi nkhalamba zoposa 100 zimene zidaona nkhondo ya chiwaya: asilikari, amtengatenga ndi amai amene adatsala m'midzi. Buku lawo, The Chiwaya War, lidatuluka mu 2000. Akadachedwa zaka 10 zokha, akadapeza manda. Chimodzimodzinso mai Megan Vaughan adayenda m'midzi ya m'boma lino la Blantyre kufunsa za njala ya 1949, imene idagunda kwambiri chigawo cha Lunzu ndi Lirangwe patangopita zaka zitatu asilikari a ku Burma atabwerera, ndipo zambiri adazipeza m'nyimbo za amai za pamtondo. Njira yake ndi yomwe ija ya mnyamata wa m'chigwa cha Kabaw: kukhala pansi ndi kumvera munthu amene ena onse amangomulamula.

Tisanamize kuti ntchitoyi idali yaufulu. M'zaka za chipani chimodzi padali maina osatchulika, ndipo mphunzitsi wa mbiri ankayenera kuyeza liwu lililonse asanalilankhule. Ngakhale a Chilembwe, amene chikumbutso cha kuukira kwawo chidaikidwa pa masitampa mu 1965, ankakumbukiridwa mosamala, kuopa kuti angaphimbe dzuwa limodzi lokha limene linkaloledwa kuwala. Tsiku lawo la 15 Januwale lidakhala la tchuthi pambuyo pa kusintha kwa 1994, nkhope yawo idalowa pa ndalama zathu, ndipo mu 2022 chifanizo chawo, chosemedwa ndi a Samson Kambalu, chidaimikidwa ku Trafalgar Square mu mzinda wa London, chipewa chili kumutu. A Shepperson sadakhale ndi moyo kuti achione.

Chimene chikutivutitsa ife nchakuti mbusa uja adapeza omulembera, koma anthu amene iye adawalankhulira ambiri sadawapeze. Pa nsanja ya chikumbutso ya Keyala ku Zomba padalembedwa maina a asilikari, ndipo mwezi wa Novembala akuluakulu amakaikapo nkhata za maluwa. Amtengatenga maina awo sadasungidwe. Mu 2021 bungwe loyang'anira manda a ankhondo a maiko a Commonwealth lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, amene adafa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a mu Afrika, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga adachitira ndi Azungu. Ena mwa iwo adachokera kwa Kapeni, kwa Chigaru ndi kwa Lundu. Ife amene mwezi wa Novembala timapereka Misa za mizimu ya akufa, ndi kuwerenga maina awo mmodzimmodzi pa guwa, tiyenera kumva kulemera kwa chinthu chimenechi kuposa wina aliyense.

Za ku Burma nazo nthawi yatha. Mnyamata amene adalembedwa usilikari mu 1943 ali ndi zaka 18 adabadwa mu 1925, ndipo a msinkhu umenewo atsala owerengeka. Makalata ndi zolemba za a Shepperson zidasungidwa ku laibulale ya yunivesite ya Edinburgh, kutali ndi mwana wa sukulu wa ku Lirangwe amene angafune kudziwa za agogo ake. Koma sikuti kuno kulibe kanthu. M'maparishi mwathu muli mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro, m'mene katekisiti wakhama angathe kulondola amene adapita ndi amene sadabwerere. Muli magule a beni, malipenga ndi mganda, amene adatengera mayendedwe ndi maudindo a perete wa asilikari. Muli amai okalamba amene amakumbukira tsiku limene bambo awo adatsika sitima atanyamula chikwama cha kaki, ndi zimene ankabwebweta kutulo zaka zambiri pambuyo pake.

Ndipo m'nyumba zina, pansi pa sutukesi kapena m'kachitini ka tiyi, muli mendulo ya ku Burma. Ndi kanyenyezi ka mkuwa ka nsonga 6, kolendewera pa kansalu kofiira pakati, ka mizere yabuluu ndi ya mtundu wa lalanje m'mbali. Boma la Britain lidapereka nyenyezi za nkhondo yachiwiri popanda kudinda dzina la mwini wake, kotero mukaitembenuza, kumbuyo kwake nkosalala. Amene angakuuzeni kuti idali ya yani, adalowa liti usilikari, ndi kuti adaoloka Chindwin kapena adatsala m'chigwa cha Kabaw, ndi a m'nyumbamo okha.